Nyambo (usodzi)

Nyambo ndi chakudya chimene msodzi amakoleka kumbedza kapena kuika m'mono pofuna kukopa nsomba. Nsomba imadya nyambo yofanana ndi chakudya chomwe inazolowera, n'chifukwa chake nyambo imodzi sigwira nsomba zamitundu yonse. Msodzi amayamba wadziwa zimene nsombayo imadya, nthawi imene imadya ndiponso kuya kwa madzi kumene imakhala.

Nsomba zodya zinzake

M'nyanja ya Malawi, nyambo yodalirika kwambiri ndi usipa (Engraulicypris sardella). Ncheni zimasaka usipa pakati pa nyanja, choncho asodzi amaziwedza ndi usipa wauwisi. Kampango (Bagrus meridionalis) amakhala pansi ndipo amasaka usiku. Asodzi amamutchera chingwe cha mbedza zambiri madzulo, atakolekako usipa kapena tinsomba tina, n'kukawonjola m'mawa. Usipa ukagona umafewa ndipo umathothoka kumbedza msanga.

Mlamba

Mlamba (Clarias gariepinus) umapezeka m'mitsinje, m'madambo, mu Shire ndi m'nyanja ya Chilwa. Susankha zakudya ndipo m'madzi amatope umapeza chakudya ndi fungo komanso ndevu zake. Umagwidwa ndi nyongolotsi, achule, matumbo a nkhuku ngakhalenso tizidutswa ta sopo.

Nsomba zochenjera

Zovuta kwambiri kuwedza ndi nsomba zodya ndere ndi tizomera ting'onoting'ono ta m'madzi. Chambo chili m'gulu limeneli, ndipo chambiri chimagwidwa ndi maukonde osati mbedza. Makumba amadya nyongolotsi kapena kanyenyeswa ka nsima pa mbedza yaing'ono, ndipo amalowa m'mono momwe mwaikidwa gaga.

Kunyanja yamchere, nsomba yodziwika ndi kuchenjera kotereku ndi mullet (Mugil cephalus), imene ku Mozambique amaitcha tainha. Imayenda m'magulu m'madzi osaya, makamaka pomwe mitsinje ikuthira m'nyanja, ndipo imadya ndere ndi zowolerana za pamatope. Imathawa ikaona chithunzithunzi cha munthu kapena kumva phokoso. Owedza amayamba amwaza nyenyeswa za buledi kuti nsombazo zizolowere, kenaka n'kuponya mbedza yaing'ono yobisika m'buledi pa chingwe chopyapyala.

Mtengo wa nyambo

Usipa ndi ndiwo komanso malonda, choncho kuusandutsa nyambo n'kulowetsa ndalama m'madzi. Usipa ukasowa, mtengo wake umakwera ndipo asodzi a mbedza amavutika, chifukwa chingwe chimodzi chimafuna nyambo pa mbedza iliyonse. Wosankha nyambo molakwika amataya nyambo ndi usiku womwe.

Malamulo

Kuthira mankhwala kapena zitsamba zaululu monga katupe m'madzi si nyambo. Njirayi imapha nsomba zazikulu ndi ana omwe, ndipo ku Malawi lamulo loteteza ndi kusamalira nsomba la 1997 limailetsa.