Jim Chapman ndi nkhalango zimene zinatsala m'mabuku

Anzanga, kuno ku Blantyre tikamva zoti "a zankhalango", chimabwera m'mutu ndi anthu olanda makala pa Zalewa basi. Koma ntchitoyi ili ndi mbali ina imene ambirife sitiidziwa: kuyenda m'nkhalango, kudziwa mtengo uliwonse ndi dzina lake, kuwerenga kuti yatsala ingati, ndi kulangiza boma kuti idulidwe ingati kuti mawa ipezekenso. Mwezi uno ndikuuzani za munthu wina amene anagwira ntchito imeneyi, Jim Chapman, chifukwa mbiri yake ikukhudza mapiri amene timawaona tikangotuluka m'nyumba: Ndirande, Soche, Bangwe ndi Michiru.

Chapman anayamba ntchito mu dipatimenti ya zankhalango m'zaka za m'ma 1950, dziko lino likutchedwa Nyasaland. Malo amene anamudya mtima ndi phiri la Mulanje, kwawo kwa mkungudza. Mtengo umenewu mumaudziwa, ngakhale simunauone uli chiimire: ndi uja amapangira timabokosi tonunkhira timene ogulitsa ziboliboli amagulitsa m'tauni. Chiswe sichiudya ndipo suwola msanga, n'chifukwa chake anthu akhala akuufuna pokhoma madenga, zitseko ndi mabwato a kunyanja. Dzina lake la sayansi, Widdringtonia whytei, linachokera kwa Alexander Whyte amene anakwera phirilo mu 1891. Pasanapite nthawi macheka analowa, ndipo mu 1927 boma linalengeza kuti phirilo ndi nkhalango yotetezedwa.

Ntchito ya Chapman inali ya miyendo. Ankakwera mapiri, kuthyola masamba, maluwa ndi zipatso, kuziumitsa pakati pa mapepala, n'kulemba malo amene wazipeza. Mu 1962 anatulutsa buku la zomera za m'phiri la Mulanje, losindikizidwa ku Zomba. Mu 1970, iye ndi Frank White wa ku Oxford anatulutsa The Evergreen Forests of Malawi, lofotokoza nkhalango zathu zija zosayoyola masamba ngakhale m'chilimwe. Kenako anakagwira ntchito ku Nigeria, koma m'zaka za m'ma 1980 anabwereranso ku Mulanje, n'kumatolera zomera limodzi ndi mkazi wake Betty. Kuli kanzikambe kakang'ono kopezeka m'mapiri a Malawi Hills ku Nsanje kokha, kamene akatswiri anakatcha Rhampholeon chapmanorum polemekeza banjali.

Mu 1984 Dr Kamuzu Banda analengeza kuti mkungudza ndi mtengo wa dziko lino. Koma ulemuwo sunauteteze. Pofika 1995, pamene Chapman ankatulutsa buku lake la mkungudza kudzera ku Society of Malawi, bungwe limene laibulale yake ili ku Mandala konkuno, nkhawa inali itakula kale. Mkungudza ndi mtengo wovuta: mbewu yake simera mumthunzi wa mitengo ina, imafuna pamalo powala, komano kamtengo kakang'ono kakangopsa ndi moto wa alenje ndiye kathera pomwepo. Paini amene anadzalidwa paphiripo anayamba kumera yekha n'kulanda malo. Mu 1986 kunabweranso tinsabwe toyamwa mitengo ya mtunduwu. Ndiye panali lamulo lakuti ocheka matabwa azipatsidwa chilolezo cha mitengo youma yokha. Mukuganiza kuti chinachitika n'chiyani? Ena anayamba kusenda khungwa la mitengo yamoyo kuti iume, kenako n'kuicheka ngati yofa yokha. Mu 2017 akatswiri atayendera phiri lonse, anapeza mikungudza ikuluikulu 7 yokha.

Mwina mukuti, za ku Mulanje zikutikhudza chiyani ife a ku Machinjiri kapena ku Chilomoni? Choyamba, kuyambira 2019 madzi ena a m'mipopi ya mu mzinda uno akuchokera mumtsinje wa Likhubula, m'phiri lomwelo. Chachiwiri, nkhalango za mtundu umene Chapman ndi White analemba zinaliponso pamwamba pa Ndirande, Soche ndi Bangwe, ndipo munkakhala mbalame yosowa imene akatswiri anaipatsa dzina la Thyolo. Kafunseni agogo kapena malume anu amene anakulira ku Ndirande, akuuzani kuti phiri lija linali lobiriwira. Linatha m'zaka za m'ma 1990, nthawi yosintha ndale, m'kanthawi kochepa chabe.

Tisafulumire kunena kuti makolo athu anali owononga. Kuyambira nthawi ya atsamunda, nkhalango yotetezedwa inali "ya boma": wolowamo ndi nkhwangwa ankagwidwa, pamene minda ikuluikulu ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje inali itatenga kale malo ambiri achonde. Munthu wokhala m'munsi mwa phiri sankaona phindu lake la mitengo ija. Mantha atatha, aliyense anathamangira kukadula asanadule mnzake. Komanso mzinda unkakula, ndipo nsima siphikidwa ndi malamulo, imafuna nkhuni kapena makala.

Boma linayesapo kuthana ndi vuto la nkhunili. Mu 1986 linayambitsa Blantyre City Fuelwood Project ndi thandizo la dziko la Norway, n'kudzala bulugamu pa mahekitala pafupifupi 4,700 m'madera ozungulira Blantyre, Chiradzulu ndi Zomba. Cholinga chinali chabwino, koma zambiri zinkaganizidwa m'maofesi, eni malo n'kumangouzidwa. Minda ya mitengoyo itaperekedwa m'manja mwa midzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, makomiti ambiri anali asanakhwime, ndipo m'malo ambiri mitengo inapululuka. Lamulo la zankhalango la 1997 limalola midzi kukhala ndi makomiti osamalira zachilengedwe, ndipo litakonzedwanso mu 2020 linakhwimitsa zilango kwa owotcha makala opanda chilolezo. Koma inu nomwe mukuona njinga za makala zikulowa mu mzinda mbandakucha uliwonse, chifukwa pafupifupi khomo lililonse lili ndi mbaula.

Za mu March 2023 sindikufuna kunena zambiri, ena mwa inu munataya abale. Mvula ya namondwe Freddy inali yoopsa, ndipo matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Mitengo yokha siingaletse chilichonse, koma mizu imagwira dothi ndipo masamba ogwa pansi amachedwetsa madzi. Phiri lometedwa mpala lilibe zonsezi.

Ndiye Chapman analephera? Mitengo yambiri imene anaikonda inapita, zoona. Koma lero a Mulanje Mountain Conservation Trust, a bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM ku Zomba ndi anthu a m'midzi yozungulira phirilo akufesa mbande za mkungudza n'kumazibwezera kumtunda, ndipo midziyo ikupezapo ndalama pogulitsa mbandezo. Kuti munthu abwezeretse nkhalango, ayenera kudziwa chimene chinalipo ndi pamene chinkamera. Apa ndi pamene zolemba za anthu ngati Chapman zikugwira ntchito. Buku siliteteza mtengo, koma popanda bukulo sitikanadziwa n'komwe kuti tataya chiyani.

Kwa inu amene mwangolemba MSCE ndipo mukusinkhasinkha za kutsogolo, maphunziro a zankhalango alipo ku koleji ya zankhalango ku Dedza, ku Mzuzu University ndi ku Bunda. Si ntchito yothamangitsa anthu a makala yokha ayi.

Kwa tonsefe, nyengo yodzala mitengo imayamba mu December. Magulu ngati lathuli timadzala, kujambulitsa, kuika pa Facebook, basi zatha. Chaka chino tigule kope limodzi. Tilembemo mtundu wa mtengo uliwonse, pamene taudzala ndi dzina la amene aziusamalira, makamaka wa khomo loyandikana nawo, ndipo tisankhe mitengo imene khomolo lidzadyepo, monga mango, mapeyala ndi magwafa. Mu October, moto ndi mbuzi zitadutsa, tidzapitenso ndi kope lija kukawerenga yotsala.