Mphamvu ya Wopikisana pa Chisankho: Zimene Machinga ndi Balaka Adaona

Kuyambira 1971 Dr. Kamuzu Banda adali mtsogoleri wamuyaya, ndipo funso lakuti ndani woyenera kulamula dziko silidafunsidwe poyera. Lidayamba kumveka pa 8 Marichi 1992, pamene kalata ya Aepiskopi idawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika. Kalatayo idasindikizidwa ku Balaka, kwa Ansembe a Montfort, ndipo patangopita masiku ochepa nyumba yosindikizirayo idaponyedwa moto. Nthawi imeneyo Balaka adali mbali ya boma la Machinga. Adaima payekha mu 1998.

Boma lomweli ndilo lidabala wolowa m'malo mwa Dr. Banda. A Bakili Muluzi adabadwira kwa Kapoloma mu 1943. Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 adapeza mavoti pafupifupi 47 pa 100 alionse, Dr. Banda 33, a Chakufwa Chihana 19. Lamulo lidali lakuti woposa anzake ndiye wapambana, ngakhale asadafike theka.

Kodi mphamvu yao idagona pati? Tisanyoze luso lao. Adali atakhalapo mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party, kotero kuti njira za ndale adazidziwa bwino. Adali ndi pakamwa pokoma, nthabwala ndi dzanja lopatsa. Anthu amene adazolowera kuopa mtsogoleri adapeza wina woseka naye. Ndipo nkofunika kukumbukira kuti Msilamu adasankhidwa ndi dziko limene ambiri ndi Akhristu. Komabe woyang'ana mavotiwo chigawo ndi chigawo aona chinthu chowawa: Kumpoto kudatsata a Chihana, Pakati Dr. Banda, Kummwera a Muluzi, ndipo Kummwera ndiko kudali anthu ochuluka. Lamulo lija lidapatsa mphotho munthu wokhala ndi kwao kwakukulu. Ife amene tidaphunzira kuti ulamuliro ulipo chifukwa cha ubwino wa anthu onse sitingautche muyeso umenewu wokwanira.

Mphamvu yotere ili ndi malire. Mu Julaye 2002 Nyumba ya Malamulo idakana kuchotsa malire a nthawi ziwiri za zaka zisanu, ndipo a Bingu wa Mutharika, amene a Muluzi adawayendera pamisonkhano mu 2004, adatuluka m'chipani cha UDF chaka chotsatira. Mwana wao, a Atupele Muluzi, adapeza mavoti pafupifupi 14 pa 100 mu 2014, koma mu 2019 sadafike 5, nataya ndi mpando womwe wa phungu ku Machinga.

Pa 3 Febuluwale 2020 bwalo la milandu lidafafaniza chisankho cha 2019, nilitanthauzira kuti wopambana ayenera kupitirira theka la mavoti onse. Kuyambira pamenepo chigawo chimodzi sichikwanira; wopikisana ayenera kukapempha kwa eni dera lina. Pa 23 Juni 2020 a Atupele adaima ngati wachiwiri kwa a Peter Mutharika, nagonja kwa a Lazarus Chakwera, amene adagwirizana ndi a Saulos Chilima. Mu Seputembala 2025 a Mutharika adabwerera pampando ndi mavoti pafupifupi 57 pa 100.