N'chifukwa chiyani kompyuta imati yamaliza kukopa isanamalize?

FUNSO: Ndili ndi kashopu kobenera nyimbo ndi mafilimu. Nthawi zina kompyuta imaonetsa kuti yamaliza kukopa, ine n'kuzula flash, koma kasitomala akafika kunyumba filimu imakana kutseguka. Zimenezi zimachokera kuti? Wowerenga, Kawale.

YANKHO: Achimwene, kompyutayo imakhala itangoika ntchito yanu pamzere. Mkati mwake muli memole yothamanga kwambiri yotchedwa RAM, pomwe flash, memole khadi ndi hard disk n'zochedwa. Mukamakopa, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imayamba yasunga zinthuzo mu RAM, n'kukuuzani kuti zatheka, ndipo imadzazilemba pa flash pambuyo pake zitaunjikana. Zili ngati minibasi ya ku Area 25 pa depoti: mwakhala kale pampando, koma dalaivala sanyamuka mpaka idzaze.

Nzeru imeneyi ndi yakale. Unix, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anaiyamba ku Bell Labs, ku America, mu 1969, inadzakhala ndi kapulogalamu kotchedwa update. Ntchito yake inali imodzi basi: pakatha masekondi 30 aliwonse, kukankhira pa disk zonse zimene zikudikira. Masiku amenewo disk inali chimbale chozungulira, ndipo kamutu kolembera kankataya nthawi yambiri kuthamangira uku ndi uku. Kusonkhanitsa zolemba n'kuzilemba mwadongosolo ulendo umodzi kunkafulumizitsa makina onse.

Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta imene Linus Torvalds anaitulutsa mu 1991, inatengera khalidwe lomweli, ndipo ndi imene ili mkati mwa foni iliyonse ya Android imene mumaikamo nyimbo. Nayo Microsoft inaona mavuto a anthu ozula flash mwachangu, moti kuyambira Windows 10 ya 1809, yotuluka mu 2018, inakonza zoti kompyuta izilemba pa flash nthawi yomweyo. Komabe zimenezi sizipulumutsa munthu wozula kukopa kuli mkati.

Kwa ife a ku Kawale, Biwi kapena Chinsapo, mdani wina ndi kuthima kwa magetsi. Zili mu RAM zimafufutika magetsi akangothima, ndipo kompyuta ya patebulo ilibe batire ngati laputopu. Ine ndimaona kuti UPS (batire yoyendetsa kompyuta magetsi akathima), ngakhale yaing'ono, si yodula kuposa kuthawitsa makasitomala.

Tsono musanazule flash dinani Eject. Pamenepo mwalamula kompyuta kuti imalize zonse zimene inaika pamzere. Dikirani uthenga woti mukhoza kuchotsa, ngakhale kasitomala akuchita phuma.