Za Othawa Nkhondo a ku Ukwimi

Dziko la Mozambique litalandira ufulu m'caka ca 1975, mtendere sunakhalitse. Kunabuka nkhondo pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, ndipo m'zaka za 1986 ndi 1987 inakula kwambiri m'cigawo ca Tete. Midzi inatenthedwa, nkhokwe zinafunkhidwa, ndipo anthu ambiri anaoloka malire nalowa m'maboma a Petauke, Katete ndi Chadiza, atasenza ana ndi timitolo tocepa.

Poyamba anafikira kwa abale ao, pakuti malire amene Azungu analemba anadula pakati pa Acewa ndi Ansenga a mtundu umodzi. Eni mudzi anagawana nao ufa ndi mbeu. Koma cakudya cinayamba kupelewera, ndiponso ankhondo a Renamo anali kuoloka malire ndi kupha anthu m'midzi ya m'Zambia momwe. Cifukwa cace m'caka ca 1987 boma linapatula malo ku Ukwimi, kumpoto kwa Petauke, kutali ndi malire, nilisamutsira alendowo kumeneko. Bungwe la United Nations loyang'anira othawa kwao, pamodzi ndi la Lutheran World Federation, linathandiza pa nchitoyo.

Cimene cipatsa Ukwimi mbiri ndi ici: anthuwo sanasungidwe mumsasa kuti azingodikira thumba la cimanga. Banja lililonse linalandira munda wa mahekitala 2, makasu ndi mbeu, ndipo cakudya caulere cinali ca nthawi yoyamba yokha, kufikira atakolola zao. Anagwetsa mitengo, naumba nyumba, nakhala m'midzi monga kwao. Patapita zaka zocepa anali kudzidyetsa okha, ndi kugulitsa cimanga ndi nshawa zotsala. Ciwerengero cao cinapitirira 20,000.

Zobvuta sizinasowe. Eni dziko ena anadandaula poona alendo alikulandira zinthu zimene iwo analibe, ndi poona nkhalango irikutha. Mitima inatsika cifukwa zitsime, zipatala ndi masukulu amene anamangidwa anatumikira onse, mlendo ndi mwini dziko yemwe. Ana amene anaona makolo ao akuphedwa anakhalanso pa benci, ndipo belu la m'mawa linawabwezera masiku okhala ndi dongosolo.

Pangano la mtendere linalembedwa ku Rome pa 4 October 1992, ndipo m'caka ca 1994 ambiri anabwerera kwao. Minda, miseu ndi masukulu zinatsalira anthu a m'Zambia amene anapatsidwa malowo pambuyo pace. Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Koma alendo a ku Ukwimi anasiya dziko lolimidwa pamene anapeza chire.

Mphunzitsi wa kumudzi ndiye kawirikawiri ayamba kulandira mwana wa mlendo, wosadziwa cinenero ca m'kalasi ndi wopanda kalata ya sukulu yace yakale. Akamlemba m'kaundula ndi kumpatsa malo pakati pa anzace, wacita mwa pang'ono cimene cinacitika ku Ukwimi.