Waipa

Waipa ndi chipangizo chimene chimapukuta madzi pa galasi la kutsogolo kwa galimoto. Mawuwa tidabwereka ku Chingerezi, ndipo akakhala awiri timati mawaipa. Chipangizochi n'chakale ndithu: Mary Anderson wa ku Alabama adalembetsa luso lake ku boma la America mu 1903, ngakhale kuti waipa wakeyo ankapukusidwa ndi dzanja dalaivala ali m'kati.

Pakamwa pa amakaniko, mawu amodziwa amatchula zinthu ziwiri. Pali mkono wachitsulo woyendetsedwa ndi mota, ndiye pali chopukutira chenichenicho chokhala ndi mphira. Munthu akati "mawaipa atha", kawirikawiri akunena mphirayo. Dzuwa la Okutobala limaiumitsa mpaka kung'aluka, fumbi nalo n'kumaidya. Mudzaizindikira ikayamba kulira kwii kwii, kudumphadumpha, n'kusiya mizere ya madzi pamene maso anu akuyang'ana msewu.

Pogula, kutalika ndiye nkhani yaikulu. Amayeza m'mainchesi, ndipo wa mbali ya dalaivala nthawi zambiri amakhala wamtali kuposa mnzake, choncho musangotola awiri ofanana. Nyamulani wakaleyo popita kwa ogulitsa masipeya, muyerekeze kutalika ndi pokolekera pake. Mukhudzenso mphirayo: yabwino imakhala yofewa, yosalala m'mphepete. Yotchipa kwambiri ine sindiikhulupirira, chifukwa ikathothoka chitsulo chimakanda galasi, ndipo galasi ndi lodula kuposa waipa.

Sinthani mawaipa anu mvula ya Novembala isanayambe.