Mlendo wa M'mbale

Akuluakulu akale anatisiyira miyambi iwiri yonena za mlendo. Wina umati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, pamene unzake umati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kwa zaka zambiri miyambi imeneyi ndinkaimva ngati yosayenderana, kufikira madzulo ena pamene ndinakhala pansi kudya m'kanyumba kena kodyera ku Senga Bay, m'boma la Salima, n'kuzindikira kuti yonse iwiri ikukamba nkhani imodzi.

Tinapita kumeneko kumsonkhano wa ntchito, monga mudziwa kuti misonkhano ya ife ogwira ntchito m'boma imakonda mphepo ya kunyanja. Tsiku lachiwiri, pofuna kupulumutsako kangachepe pa alawansi, ine ndi mnzanga wa mu ofesi tinasiya chakudya cha pahotela n'kulowera kumene kumakhala anthu. Kuseri kwa timagolosale, pafupi ndi pamene asodzi amayanika usipa pamathandala, tinapeza kanyumba ka matebulo asanu. Pakhomo panali nyali ziwiri zofiira zapepala, ndipo pabolodi anali atalemba ndi choko zakudya za tsikulo: mpunga wokazinga ndi mazira, chambo cha mu msuzi wa jinja ndi adyo, samusa za nsomba, ndiponso chapati ndi nyemba zothira kale, ufa wachikasu uja wokometsera ndiwo. Patebulo lililonse panali kapu yokhala ndi timitengo todyera, pambali pa masupuni.

Mnzangayo atangoona timitengoto anaima chilili. "Achimwene, mwandibweretsa kwa Matchaina kodi? Ine ndine mwana wa ku Dowa, ndikapanda kudya nsima ndiye kuti ndagona ndi njala."

Mayi mwini malowo, amene anali atafunda mpango kumutu monga amachitira amayi achisilamu, anaseka. "Khalani pansi, bambo. Mpungawu ndi wa ku Lifuwu, nsombayi yavuulidwa m'mawa uno pagombe pomwe pano, tsabolayu ndi wa kuseri kwa nyumba. Chachilendo muno ndi botolo limodzi lokha la sosi wakuda wa soya."

Mayiwo ankangofuna kuti kasitomala asathawe, koma mawu awo anandipatsa maganizo. Kodi n'zoona kuti chachilendo chinali botolo lokhalo? Ndikayang'ana mbiri ya gombe lathuli, ndimaona kuti zakudya za ku Asia zinafika kuno kanayi konse, ulendo uliwonse ndi alendo akeake, ndipo ngakhale alendowo ankachoka, zakudyazo zinkatsala.

Ulendo woyamba unali wa pamadzi. M'zaka za m'ma 1840, Mswahili wina wochokera kugombe la nyanja yamchere, Salim bin Abdallah, anakhazikika ku Nkhotakota, mtunda wa makilomita oposa 100 kumpoto kwa Salima, natenga udindo wa Jumbe. Iye ndi amene anamulowa m'malo anali ndi zombo za matanga zimene zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo kupita kutsidya, pa ulendo wa ku Kilwa. A Jumbe amenewa ndiwo anakulitsa ulimi wa mpunga m'madambo a Nkhotakota, ndipo kuchokera kumeneko unafalikira m'mbali mwa nyanja. Mpunga umene timalimawu kwawo ndi ku Asia, kumene anthu a m'chigwa cha mtsinje wa Yangtze ku China anayamba kuulima zaka zikwi zingapo zapitazo. Mango amene ana a ku Salima amagenda m'mwezi wa Disembala kwawo ndi ku India, chimodzimodzinso chikasu, chomera chimene dzina lake timatchulira mtundu wa nsalu kapena wa maluwa. Nthawi yomweyo Ayao, amene ankachita malonda ndi Aswahili, anawoloka n'kukhala pagombe la Salima, ndipo mpaka lero kuli mafumu monga Maganga, Pemba ndi Bibi Kuluunda. Sitiyenera kubisa kuti minda yoyamba ya mpunga inalimidwa ndi thukuta la akapolo, komanso kuti mpungawo unkadyetsa amalonda amene ankagulitsa makolo athu. Ukapolo unatha m'zaka za m'ma 1890, Jumbe womaliza anathamangitsidwira ku Zanzibar, koma mpunga wa faya unatsala, ndipo lero palibe ukwati, Khirisimasi kapena Idi imene ingakome popanda mpunga.

Ulendo wachiwiri unali wa mfuti ndi njanji. Mu 1891 Harry Johnston, amene anakhazikitsa ulamuliro wa Britain m'dziko muno, anabweretsa asilikali a mtundu wa Sikh kuchokera ku India. Ukaima pamchenga wa Senga Bay kunja kukayera, umaona mapiri a kutsidya, kwa Makanjira. Kumeneko ndi kumene mtsogoleri wa asilikaliwo, Captain Cecil Maguire, anaphedwa mu Disembala 1891 polimbana ndi mfumu Makanjira, ndipo malowo anadzatchedwa Fort Maguire. Johnston ankalimbikitsanso amalonda a ku India kuti abwere, ndipo anabweradi, ambiri a iwo ochokera kuchigawo cha Gujarat, ena Asilamu ena Ahindu. Anthu athu anawatcha amwenye. Njanji yochokera ku Blantyre itafika ku Chipoka ndi ku Salima mu 1935, chaka chomwe mlatho wa sitima wa pa Zambezi unatsegulidwa, Salima anasanduka pothera sitima. Fodya wa ku Lilongwe ndi wa ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata, ankabwera pamalole kudzakwera sitima pano, pamodzi ndi thonje la m'chigwa chino. Kumene kuli sitima kuli ndalama, choncho masitolo a amwenye anandandalika m'mbali mwa msewu, iliyonse ndi khonde lake ndi telala wake.

Apa ndi pamene mbiri ya dziko ikukumana ndi mbiri ya kwathu. Malemu bambo anga anali khukhi m'nyumba ya mmwenye wina wa sitolo pa Salima pomwepa. Analowa ntchito ali mnyamata wotsuka mbale, ndipo mkazi wa bwanayo ndiye anawaphunzitsa kukanda ufa wa tirigu, kuupsitsa pang'ono pachiwaya kuti ukhale wopyapyala ngati pepala, kuupinda mwa ngodya zitatu n'kumata ndi phala la ufa. Anawaphunzitsanso kuti zokometsera sathira m'madzi, koma amayamba wazikazinga m'mafuta pamodzi ndi anyezi kufikira fungo litatuluka. Bambo sankakamba za nyumba imeneyo ngati paradaiso ayi. Ankati malipiro anali ochepa, ankadyera kuseri pa mbale yawoyawo, ndipo ana a bwanayo ankawaitana ndi dzina ngakhale atakhala munthu wa banja. Koma ankatinso tsiku limene agogo anadwala usiku, galimoto imene inawatengera kuchipatala inali ya bwana yemweyo.

Mu 1970 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linayamba kuchotsa amwenye m'malo a malonda a kumidzi, ndipo pofika 1978 anali atalamulidwa kuti azichita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha, monga Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. Cholinga chinali chakuti malonda a kumidzi akhale m'manja mwa Amalawi akuda, ndipo anthu ambiri anaombera m'manja chifukwa madandaulo anali enieni: mwana wa m'mudzi sakanatha kupikisana ndi munthu amene ankatenga katundu pangongole kwa abale ake a ku Limbe. Boma linadalira masitolo a Chipiku kuti azipikulitsa katundu kwa eni magolosale atsopano. Koma ambiri mwa iwo analibe mpamba wokwanira, ndipo amene anayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1980 akukumbukira mizere ya masitolo otseka, malata akuchita dzimbiri, mbuzi zikugona pakhonde pamene pankakhala telala. Amwenye ena anasamukira m'mizinda, ena anapita ku Britain osabwereranso. Chiletsocho chinatha ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994.

Bwana wa bambo anali mmodzi mwa amene anapita kunja. Bambo anabwerera kumudzi ndi chiwaya chimodzi, mpini wokandira chapati ndi luso la m'manja. Ine ndinabadwa patapita zaka zochepa, ndipo chimene ndikukumbukira n'chakuti tambala woyamba akamalira, bambo ankakhala akupinda samusa, mayi akukazinga. Nyama inali yodula, choncho ankaikamo mbatatesi, anyezi ndi tsabola wa kambuzi, nthawi zina nsomba yochotsa minga. Mayi ankasenza beseni kupita nalo kusiteshoni ndi kudepoti ya basi. Ndalama za samusa zimenezo ndizo zinandilipirira fizi kuyambira Sitandade 1, pakuti masiku amenewo pulayimale inali yolipira, mpaka kusekondale. Lamulo linatha kusamutsa mmwenye, koma silinathe kusamutsa zimene anaphunzitsa khukhi wake.

Ulendo wachitatu unali wa akatswiri a ulimi. Kuyambira 1966 Malawi anali paubale ndi dziko la Taiwan, ndipo alangizi ochokera kumeneko anathandiza m'masikimu a mpunga wothirira monga a Domasi ndi Likangala, kuphunzitsa alimi kufesa panazale ndi kuwokera m'mizere. Kuno ku Salima, chitukuko cha m'mbali mwa nyanja chinayamba mu 1968 ndi thandizo la West Germany, ndipo ku Lifuwu, kumpoto kwa Senga Bay, kuli malo a boma ofufuzira za mpunga. Mitundu ina imene alimi athu amalima inachokera ku Asia m'zaka zimenezi. Mpunga umene alimi amautcha Pusa, mwachitsanzo, dzina lake ndi la mudzi wina wa ku India kumene kunamangidwa malo ofufuzira za ulimi mu 1905. Ubale ndi Taiwan unatha kumapeto kwa 2007 pamene boma la Bingu wa Mutharika linasankha China. Alangiziwo ananyamuka, koma mizere ya mpunga ikadali m'madambo.

Ulendo wachinayi ndi umene tauona ndi maso athu. Kuyambira 2008 kunabwera makampani a ku China odzamanga Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe ndi msewu wa Karonga–Chitipa, ena odzagula thonje, ena odzatsegula masitolo mpaka m'maboma. Ndipo mbiri inadzibwereza: amalonda a ku Karonga ndi madera ena atadandaula, mu 2012 kunabwera lamulo loti amalonda akunja azichita malonda awo m'mizinda inayi ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Nditafunsa mayi a kanyumba kaja kumene anaphunzira kuphika kotere, anandiuza kuti anagwirapo ntchito zaka zitatu kukhitchini ya kampani ina ya Matchaina. Kumeneko anaphunzira kuti mpunga wokazinga umafuna wogona, wophika dzulo lake, chifukwa watsopano umamatana. Kuti moto uyenera kukhala waukali ndipo masamba asakhalitse pachiwaya. Samusa ndi chapati anaphunzira kwa agogo awo. Jinja ndi ndimu pa chambo anaganiza okha. Pamene ankafotokoza, ndinkaona bambo anga atakhala pampando wa ndalema, manja ali mbuu ndi ufa.

Tsono funso la mnzanga lija, loti chakudya chathu n'chiti ndipo chachilendo n'chiti, silophweka monga limamvekera. Chimanga chimene timakandira nsima kwawo ndi ku America, ndipo chinafika mu Africa kudzera mwa Apwitikizi zaka za m'ma 1500 zitayamba. Makolo athu asanachidziwe ankadya nsima ya mapira ndi mawere. Chinangwa cha kondowole, tomato ndi tsabola nazonso n'zochokera komweko. Ngakhale amwenye eni ake tsabola anachita kulandira kwa Apwitikizi, ndipo samusa inafika ku India kuchokera kumayiko a Persia ndi Asia wapakati. Chakudya chimakhala chathu osati chifukwa chinamera kuno pachiyambi, koma chifukwa manja athu achizolowera, ana athu akulira nacho, ndipo tachidyera pamaliro ndi paukwati.

Sindikunena kuti tiiwale zowawa zimene alendo ena anabwera nazo, kapena kuti madandaulo a amalonda athu ndi opanda pake. Ndikungoti polemba mbiri tisamawerenge mafumu, nkhondo ndi malamulo okha. Pali anthu amene mabuku sawatchula: akapolo amene anawokera mpunga woyamba, makhukhi amene anaima pamoto m'nyumba za eni, amayi osenza mabeseni kusiteshoni. Iwowa ndiwo anatola kalumo pamene mame anakamuka, n'kukanola mwa njira yawoyawo kufikira kakhala kathu.

Chakudya chitafika, mnzanga uja anakankhira timitengo pambali, napempha madzi osamba m'manja. Anadya mpunga ndi chambo chija ndi manja, mwakachetechete, mpaka panatsala minga yokha. Potuluka anafunsa mayiwo ngati mawa lake angamuphikire nsomba yomweyo koma ndi nsima. Mayiwo anati palibe vuto, ufa ulipo. Ine ndinagula samusa zinayi, anandikulungira m'pepala, ndipo m'mawa mwake msonkhano usanayambe ndinakwera kabaza kupita nazo kwa mayi anga. Atailuma imodzi anaitembenuza, nayang'anitsitsa m'ngodya zake, n'kunena kuti wopindayo anaphunzitsidwa ndi munthu wodziwa.