Mbiri ya Malonda Obaya Silikoni ndi Phunziro Lake kwa Anthu a ku Lilongwe

Mwambo wosintha maonekedwe a thupi pofuna kukongola ndi wakale m'dziko muno, pakuti akazi a Chichewa ankatema mphini pankhope ndi pamimba, ndipo David Livingstone atafika m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza akazi a Chimang'anja atavala pelele, kamkombero kolowetsedwa pachiboo cha mlomo wam'mwamba. Zonsezi zinkachitika mudzi wonse ukudziwa, m'manja mwa anthu amene akalakwitsa ankatha kuitanidwa kubwalo. Malonda obaya silikoni amasiyana ndi miyambo imeneyi chifukwa anabadwira mseri ndipo akulira mseri momwemo.

Silikoni ndi chinthu chopangidwa m'fakitale kuchokera ku mchere wopezeka mumchenga, ndipo wamadzimadzi amaoneka ngati mafuta olimba amene ntchito yake yoyamba inali ya m'makina. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha mu 1945, akazi ogulitsa thupi m'madoko a ku Japan anayamba kubayidwa mafuta amenewa m'mawere kuti akope asilikali a ku America, ndipo mchitidwewu unawoloka nyanja n'kufika kwa akazi ovina m'nyumba zachisangalalo za ku Las Vegas. Mu 1962 madokotala awiri a ku Houston, Thomas Cronin ndi Frank Gerow, anayamba kuika silikoni wotsekeredwa m'kathumba kudzera mu opaleshoni, koma njirayi inali yodula, choncho osauka anapitiriza kubayitsa. Ovulala atachuluka, boma la Nevada linaletsa jakisoniyu mu 1975.

Chiletso chinachotsa malondawa m'zipatala, koma sichinathetse chosowa cha amene ankawafuna. Amene anatsala nawo kwambiri ndi anthu obadwa ndi thupi lachimuna koma odzizindikira ndi kukhala monga akazi, amene pa Chingerezi amatchedwa transgender. Kwa iwo chiuno, matako ndi mawere achikazi zimateteza ku chipongwe ndi zibakera za pamsewu, ndipo kwa ena ndizo zimabweretsa chakudya. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu Don Kulick, m'buku lake la mu 1998 lotchedwa Travesti, anafotokoza za obaya a mumzinda wa Salvador ku Brazil, otchedwa bombadeiras, amene ankathira malita a silikoni wa m'mafakitale m'matupi a anzawo m'zipinda zogona, popanda maphunziro aliwonse a zachipatala.

Kuopsa kwa jakisoniyu kwagona pakuti silikoni sasungunuka ndipo thupi silingathe kumutulutsa. Popeza alibe kathumba komugwira, amayenda pang'onopang'ono kuchoka pamene anabayidwa n'kutsikira m'ntchafu ndi m'miyendo, ndipo thupi polimbana naye limapanga zotupa zolimba ngati miyala, zimene zimatha kuphulika n'kukhala zilonda zosapola ngakhale patapita zaka zambiri. Singano ikalasa mtsempha, silikoni amatengedwa ndi magazi mpaka m'mapapo kapena mu ubongo, ndipo munthu amayamba kubanika, kutsokomola magazi, mwinanso kufa m'masiku ochepa. Singano zobwerekana zimafalitsanso HIV ndi matenda a chiwindi, pamene kuchotsa silikoniyo kumafuna kudula minofu imene walowerera. N'chifukwa chake bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linachenjeza anthu mu 2017 kuti jakisoniyu si wololedwa pokulitsa ziwalo.

Mbiriyi ikukhudza Lilongwe chifukwa nthaka imene malondawa amamerapo ilipo kale. M'madera a Kawale, Biwi, Chinsapo, Mgona, Area 23 ndi Area 25, amene anakula mofulumira mzindawu utakhala likulu mu 1975, mafuta oyeretsa khungu ndi mapiritsi onenepetsa amagulidwa pamsika ndi pa WhatsApp popanda chikalata cha dokotala, ngakhale kuti bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndilo loyenera kuloleza mankhwala onse. Komanso malamulo a milandu amene Malawi inatengera kwa atsamunda amalanga kugonana kwa anthu amene lamulo limawaona ngati amuna okhaokha ndi zaka zofika 14 kundende. Chilango chimenechi ndicho chinagwera Tiwonge Chimbalanga, amene amadzizindikira monga mkazi, mu May 2010, asanakhululukidwe ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika, ndipo mu June 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana kufafaniza malamulo a milandu amenewa. Munthu amene akuopa kuti akavula kwa dokotala nkhani yake ifika kupolisi amasankha kukavula kwa wogulitsa wa mseri, ndipo chotupa chikayamba amachedwa kupita ku chipatala cha Bwaila kapena cha Kamuzu Central mpaka zinthu zitaipa.

Zimene zinachitika ku Las Vegas ndi ku Salvador zikusonyeza kuti wobaya wa mseri amalemera pamene chitseko cha chipatala chili cholemera kuchikankha. Kuchenjeza anthu ndi kulanda mankhwala oipa n'kofunika, koma chida chachikulu chili m'manja mwa namwino ndi dokotala amene amalandira wodwala aliyense mwaulemu, kumusungira chinsinsi ndi kumuuza zoona za silikoni singano isanalowe m'thupi.